Nyuzipepa Zicenjeze Anthu Tsoka Lisanagwe

M'mwezi wa December caka ca 2019 dzina la mzinda wa Livingstone linamveka pa dziko lonse lapansi. Nyuzipepa ndi mawailesi a kanema a ku Ulaya anaonetsa zithunzi za matanthwe ouma pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, nanena kuti mathithiwo ali kuphwa. Eni mahotela pamodzi ndi onse amene amapeza ndalama mwa kutumikira alendo anadandaula kuti nkhaniyo yaopsa alendo ao. Koma pofika April 2020 mtsinje wa Zambezi unadzala, ndipo utsi wa madzi unali kuonekera kutali monga mwa zaka zonse.

Mwana ali yense wokulira ku Maramba kapena ku Libuyu adziwa kuti mbali ya Zambia ya mathithiwo imacepa madzi caka ciri conse m'miyezi ya October ndi November, ndiponso kuti madzi ena amapatutsidwa kunka ku makina a magetsi a ZESCO. Nzoona kuti caka cimeneco madzi anacepa koposa zaka zambiri. Komatu tsoka leni-leni silinali pa thanthwe lojambulidwalo. Linali m'nkhokwe za ku Gwembe, Kazungula ndi Sinazongwe, kumene mvula ya 2018/19 inakana, kotero kuti anthu oposa 2 miliyoni m'dziko muno anafunika thandizo la cakudya. Nkhokwe yopanda kanthu siikopa maso pa cithunzi, ndipo alendo olemba nkhani aja sanacedwe nayo.

Khalidwe lomweli limaoneka pamene phiri laphulika. Pa 22 May 2021 phiri la Nyiragongo linalavula moto ndi miyala yosungunuka pafupi ndi mzinda wa Goma ku Congo, ndipo anthu zikwi mazana anathawa kusiya nyumba zao. Nkhani zotere zimafika kwa akonzi a ku Lusaka zitalembedwa kale ndi makampani a nkhani akunja, zithunzi za moto ziri pomwepo. Kuzisindikiza sikulakwa, pakuti anthu a ku Congo ndi anansi a Zambia. Koma mbali yopindulitsa woziwerenga inali ina: ofesi yoyang'anira phirilo ku Goma inali pa bvuto la ndalama kuyambira 2020, pamene thandizo la World Bank linatha, ndipo anthu ambiri anadziwa za ngoziyo poona thambo litafiira usiku.

Ndi ocepa amene adziwa kuti Livingstone yemweyo anamangidwa pa mwala wotuluka m'moto wotere. Matanthwe akuda a m'zigwembe za Batoka ndi miyala yosungunuka imene inazizira zaka pafupi-fupi 180 miliyoni zapitazo. Lero m'Zambia mulibe phiri lolavula moto. Zimene zimasautsa mlimi wa kuno ndizo cilala, madzi osefukira, ndi mbozi zodya cimanga zimene zinalowa m'dziko kumapeto kwa 2016. Zonsezi zimayamba zaonetsa zizindikilo, ndipo pamenepa mpamene nchito ya nyuzipepa iyenera kuyesedwa.

Mu July 2023 bungwe loona za nyengo pa dziko lonse, la World Meteorological Organization, linalengeza kuti El Niño wayamba. Kumeneku ndiko kutentha kwa madzi a m'nyanja yaikulu ya Pacific, kumene kawiri-kawiri kumacepetsa mvula kumwera kwa Africa, monga kunacitikira mu 1991/92 ndi mu 2015/16. Mlimi wa ku Katete kapena wa ku Kalomo anali nayo miyezi inai asanabzale. Atamva bwino m'cilankhulo cace, akanatha kusunga matumba ena a cimanga m'malo mogulitsa onse kwa amalonda oyenda ndi sikelo, kufuna mbeu yoca msanga, ndi kusiya mbali ya munda kuti abzalemo mapira, khobwe kapena cinangwa. Sikuti cenjezo likanagwetsa mvula, iai; likanacepetsako njala. Koma macenjezo otere kawiri-kawiri amatuluka m'Cingerezi ca akatswiri, m'nyuzipepa imene siifika kumudzi, pa tsamba la mkati.

Mvula inadula pakati pa dzinja. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa Dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse: maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupi-fupi 1 miliyoni a cimanga anaonongeka mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi nazima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Apo mpamene mitu ya nkhani inakula pa tsamba loyamba, cimanga citauma kale m'munda.

Nyuzipepa ya Livingstone Mail, imene Leopold Moore anaiyamba mu 1906, inali kulembera azungu ocepa a mumzindamo. Dziko litalandira ufulu, Boma linali kusindikiza Tsopano m'Cinyanja, Intanda m'Citonga ndi Liseli m'Cilozi, pozindikira kuti mau osamveka kumudzi ali ngati mau osanenedwa. Nzeru imeneyo ifunika kubwezeredwa pa nkhani za nyengo. Mtolankhani asadikire kuti nduna ifike ndi matumba a thandizo kuti alembe. Apite yekha ku ofesi ya zanyengo mu September, afunse tanthauzo la zimene alosera pa boma liri lonse, alembe m'mau amene agogo angamve, ndipo wailesi ya m'dera ibwereze kufikira alimi atabzala.

Za madzi osefukira nzosabvuta koposa. Bungwe la Zambezi River Authority limayesa madzi a mtsinjewo ku Chavuma ndi ku Victoria Falls, ndipo limafalitsa zimene lapeza. Madzi amene apita pa Chavuma lero amatha masabata angapo akudzaza dambo lalikulu la ku Barotse asanafike ku Mwandi ndi ku Kazungula. Masabata amenewo akwanira kuti mkonzi asindikize, wailesi iulutse, nyakwawa iitane msonkhano, ndi kuti ng'ombe zikwezedwe kumtunda.