Tambala mmodzi, makola ambiri: kodi Area 25 ingapindule?

Kuseri kwa nyumba zambiri ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe kuli makola a nkhuku. Vuto la oweta ndi lakuti tambala wa mtundu wabwino, monga wa Mikolongwe, ndi wodula, amadya kwambiri, ndipo amakwanitsa kukwera mathadzi pafupifupi 10 okha. Akachulukirapo, mazira ambiri amasukusa.

Njira yochepetsera vutoli ndi yakale. M'chaka cha 1937, akatswiri a ku America, Burrows ndi Quinn, anasonyeza kuti munthu angathe kutenga umuna wa tambala pomusisita kumsana ndi kumimba, n'kuuthira m'thupi mwa thadzi. Thadzi limasunga umunawo m'timachubu ta m'njira ya mazira kwa masabata awiri kapena atatu, kotero kuthira kamodzi pasabata n'kokwanira.

Komatu umuna wa tambala suchedwa kufooka. Ukasiyidwa pamtunda, mphamvu yake imatsika ola lisanathe. Ukasungunulidwa ndi madzi apadera a mchere ndi shuga n'kusungidwa pa madigiri pafupifupi 5, umapirira tsiku limodzi. Nthawi yothira nayo ndi yofunika: masana nkhuku zitaikira, chifukwa dzira lokhwima likakhala m'njira, zotsatira zimachepa.

Kuumitsa umuna pa madigiri 196 pansi pa ziro kuli ndi msampha wake. Mu 1949, Christopher Polge ndi anzake ku London anapeza kuti glycerol amateteza umuna wa tambala ukaumitsidwa m'chisanu chachikulu. Chodabwitsa n'chakuti glycerol yemweyo akalowa m'thupi mwa thadzi amalepheretsa mazira kukhala ndi anapiye, choncho amayenera kuchotsedwa kaye. Ngakhale atero, umuna woumitsidwa sufika pa watsopano.

Kwa woweta wa ku Area 25, amene magetsi amamuzimira kawirikawiri, kuumitsa ndi nkhani ya mtsogolo. Choyenera kuyesa ndi umuna watsopano wosungunula, wotengedwa ndi kuthiridwa tsiku lomwelo, kuti tambala mmodzi athandize makola angapo popanda kuyendayenda naye, zomwe zimafalitsa chitopa.

Sukulu ya Luanar ku Bunda ndi nthambi ya boma yoona za ziweto zikhoza kuphunzitsa alangizi lusoli, kuyambira ndi magulu a oweta a m'matauni. Likapanda kugwiridwa mwaukhondo ndi panthawi yake, woweta adzangotaya mazira ndi ndalama.