Pampu ikakana kulira, yambani ndi pulagi

Seputembala akafika, m'madimba a m'mbali mwa Bua ndi Rusa muno m'boma la Mchinji mumamveka kulira kwa mapampu a petulo kuyambira m'bandakucha. Tomato, anyezi, kachewere ndi chimanga chodya chachiwisi zonse zimadalira kainjini kameneka. Tsono inu mlimi mwalawira, mwakoka chingwe kakhumi, phewa layamba kuwawa, koma injini ili zii. Dzuwa la nyengo ino silidikira munthu. Tomato amene wachita maluwa akakhala masiku angapo osamwa madzi, maluwa aja amayoyoka ndipo phindu limapita nawo.

Ambiri a ife zikatere timangomangirira pampu panjinga, ulendo wa kwa makaniko pa Kamwendo kapena paboma. Kumeneko mawu amene timamva msanga ndi akuti "koyilo yapsa". Mwina yapsadi. Koma chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chitsulo chilichonse chochokera kunja chimaluma m'thumba, ndipo ena amafika podutsa boda ya Mwami kukafuna sipeya ku Chipata. Ife tikuti musanawononge ndalama ndi tsiku lonse, yezani nokha ngati injini ikutulutsa moto. Ntchito yake ndi ya mphindi zochepa, ndipo chida chake ndi sipanala ya pulagi basi.

Pa nkhaniyi titengere phunziro kwa asodzi a ku Nkhotakota, komwe Bua wathuyu amakathira m'nyanja. Injini yakale ya boti imayatsa petulo m'njira yofanana ndi ya pampu yanu: gudumu lolemera lokhala ndi maginito, lija amakaniko amati flywheel, limazungulira pafupi ndi koyilo, koyilo n'kutumiza magetsi kupulagi, pulagi n'kuthetheka. Pakati pa nyanja palibe makaniko. N'chifukwa chake msodzi wochenjera sachoka padooko wopanda sipanala ndi pulagi yapadera. Dimba nalo lili kutali ndi msika, koma ndi alimi angati amene amasunga pulagi yachiwiri?

Masulani pulagi muione kumutu kwake, chifukwa imanena zambiri. Ikakhala yonyowa ndi petulo, ndiye kuti mafuta akufika koma sakuyaka. Ikakhala youma gwa pamene mwakoka chingwe kambirimbiri tchoki chili chotseka, vuto si moto ayi, mafuta ndiwo sakufika, ndipo muyang'ane kampopi ka petulo ndi kabuleta. Ikakhala yakuda ndi mwaye, nthawi zambiri sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi, kapena mumaiwala kutsegula tchoki injini ikalira.

Kenako bwezerani pulagiyo m'chipewa chake cha labala, mugunditse thupi lake lachitsulo pachitsulo cha injini, swichi ili pa ON, mnzanu akoke chingwe. Gwirani palabala pokha, ndipo muchitire patali ndi bowo la pulagi ndi petulo wotayika, chifukwa kamoto kameneka kangathe kuyatsa nthunzi ya mafuta. Chitirani pamthunzi kuti muone bwino. Moto wabwino ndi wobiriwira ngati wa mphezi ndipo umamveka kuti tha! tha! Ukakhala wofooka, wofiirira, kapena palibiretu, yesani pulagi yatsopano. Pa mainjini a mtundu wa Honda GX160 ndi ena ofanana nawo amene adzaza m'mashopu, mpata wa kumutu kwa pulagi uyenera kukhala mamilimita 0.7 mpaka 0.8.

Pulagi yatsopano ikakhalanso chete, musathamangire koyilo. Apa ndiye pamene tikufuna mutimvetse, chifukwa ndi pamene alimi ambiri amataya ndalama. Mainjini ambiri a mtundu umenewu ali ndi kachipangizo kamene kamazimitsa moto oyilo akachepa. Sikuti kamawonongeka, ndiyo ntchito yake. Injini yakale imadya oyilo pang'onopang'ono mwini wake osadziwa, ndipo yonse imangolowa oyilo wopitirira pang'ono theka la lita, choncho sachedwa kutsika. Komanso taonani pamene timaika mapampu athu: pagombe lotsetsereka, mwendo wina m'matope. Injini ikapendekeka, oyilo amathawira mbali imodzi, kachipangizo kaja n'kuona ngati watha. Ikani pampu pamalo osalazika, ngakhale pathabwa, tsegulani pothirira oyilo, muwonjezere mpaka afike pakamwa pa bowolo. Pali mapampu amene amakafika kwa makaniko n'kulira kukoka kamodzi, chifukwa choti aikidwa pasimenti yosalala.

Amakaniko ena akapeza kuti vuto ndi limeneli amangodula waya wa kachipangizoka n'kukuuzani kuti zatheka. Musalole. Kuchotsa wayayo kwa kanthawi pofuna kuyeza n'kwabwino, koma kumusiya wodula ndi kuchotsa mlonda pakhomo. Tsiku lina oyilo adzatheratu inu muli kumapeto kwa dimba ndi payipi, pisitoni idzagwira, ndipo mudzagula injini yonse m'malo mwa botolo limodzi la oyilo.

Swichi nayo muikayikire. Imazimitsa injini pogunditsa waya wa koyilo kuchitsulo, choncho waya ameneyu akasupuka n'kumakhudza thupi la injini, kapena makoswe akamutafuna pampu ili m'nyumba dzinja lonse, moto sutuluka ngakhale swichi ili pa ON. Solani waya woonda wochokera kukoyilo, muyesenso. Moto ukabwera, koyilo ilibe mlandu.

Koyilo yotopadi ili ndi chizindikiro chake. Injini imalira bwinobwino m'mawa, ikatentha imazima yokha, ikazizira imaliranso. Zikatero, kapena mukayesa zonse tanenazi moto osaoneka, pitani kwa makaniko, ndipo mumupemphe ayeze mpata wa pakati pa koyilo ndi maginito, umene uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 0.4, asanakugulitseni yatsopano.

Moto ukakhalapo wabwino koma injini n'kumakanabe, ganizirani za mafuta amene munathira. Nthawi imene petulo amasowa m'mafilingi sitesheni, ambiri timagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, ndipo sitidziwa kuti chigubucho chinasungapo chiyani. Thirani pang'ono m'botolo loonekera mkati, mulisiye lidikhe. Ngati muli madzi, akhala pansi paokha. Petulo wogonera m'thanki kuyambira chaka chatha mumukhuthule.

Kwa alangizi a zaulimi ndi mabungwe amene amagawa mapampu kumakalabu a mthirira, pempho lathu ndi lakuti tsiku lopereka pampu likhalenso tsiku lophunzitsa kumasula pulagi ndi kuyeza oyilo, ndipo amayi asasiyidwe kumbuyo, pakuti ndiwo amakhala m'dimba nthawi yambiri. Inu a m'makalabu, sonkhani ndalama ya pulagi ziwiri ndi botolo la oyilo mwezi uno. Pokagula mutenge pulagi yakaleyo, muyerekeze nambala yolembedwa pambali pake ndi ya imene akukupatsaniyo musanalipire.