Mtengo wokalamba pakhomo asauthamangire ndi nkhwangwa

Mwezi wa Okutobala ukafika, mtengo wa pakhomo umakhala bwenzi la aliyense. Agogo amayala mphasa pamenepo, amayi amasendera kachewere pamenepo, ndipo nkhani za pabanja zimathera pamthunzi womwewo. Ku Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, khomo la ku Matundo kapena ku Chingodzi lopanda mtengo limakhala ngati ng'anjo. Koma mitambo ikayamba kuda kumapeto kwa Novembala, bwenzi lija limasanduka chiopsezo, ndipo mwini nyumba amagona khutu lili kudenga.

Mantha amenewa ali ndi chifukwa. Namondwe Ana wa mu Januwale 2022, yemwe adagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, ndi Freddy wa mu Malichi 2023, adagwetsa mitengo ndi nyumba zambiri. Ndiye munthu akaona nthambi youma ili pamwamba pa malata ake amathamangira nkhwangwa. Komatu mitengo yambiri yokalamba sifuna kudulidwa, imafuna kusamalidwa.

Anthu a m'malire muno amadziwa mtengo wake wa mitengo imeneyi. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, mabanja obwerera kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu adapeza nyumba zitapsa ndi njira zitamera thengo. Chomwe chidawalozera pamalo pawo chidali mango ndi mapichesi a makolo awo. Lamulo la malo la chaka cha 1997 lidavomereza umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, ndipo mboni zikamalongosola malire zimatchula mitengo. Mango odzalidwa ufulu wa 1975 usanabwere ali ndi zaka zoposa 50 tsopano, ndipo mtengo wa mango wosamalidwa ukhoza kupitirira zaka 100.

Wofuna kusamala mtengo ayambe wadziwa pomwe pali moyo wake. Moyo wa mtengo suli pakati pa thunthu ayi. Uli m'khungwa ndi m'mnofu wa pansi pa khungwa, momwe mumadutsa madzi okwera kumasamba ndi chakudya chotsikira kumizu. Mtima wa mtengo ndi nkhuni yomwe idasiya kale kukula, ntchito yake ndi kuchirikiza basi. Nchifukwa chake mtengo wa mphako umapitiriza kubereka zaka zambiri, pomwe wosendedwa khungwa kuzungulira thunthu lonse umauma. Mizu nayo, yambiri yomwe imamwa madzi ili pamwamba, m'dothi losapitirira masentimita 60 kuya kwake, ndipo imayala kutali kupitirira pomwe mthunzi umalekezera.

Apa ndi pomwe makomo a m'matauni monga Ulónguè, Zóbuè ndi Moatize amalakwira mitengo yawo. Womanga mpanda wa njerwa amakumba maziko pafupi ndi tsinde nadula mizu yaikulu ya mbali imodzi. Wina amathira simenti bwalo lonse mpaka kukhudza thunthu, madzi ndi mpweya osalowanso m'nthaka. Wina amaunjika dothi lochokera m'dzenje la chimbudzi patsinde, khungwa n'kuyamba kuola. Mtengo sufa tsiku lomwelo. Umafooka pang'onopang'ono, ndipo ukadzagwa patapita zaka zitatu kapena zisanu anthu amanamizira mphepo.

Kumudzi mdani wamkulu ndi moto. Amayi akasesa pabwalo amakonda kuunjika zinyalala patsinde n'kuzitentha pomwepo. Moto umapsereza mnofu wamoyo uja, ndipo pabala pamenepo ndi pomwe kuola kumalowera. Mphako zambiri za m'munsi mwa mango zidayamba choncho. Chingwe cha mbuzi chomangidwa malo amodzi chaka ndi chaka, waya woyanikapo zovala yemwe walowa m'khungwa, ndi kusenda makungwa a mankhwala kuzungulira thunthu, zonsezi zimapotokola mtengo pakhosi.

Mvula isanayambe, mwini khomo auzungulire mtengo wake masana, ayang'ane kuyambira pansi mpaka kunsonga. Pansi aone ngati dothi lang'ambika kapena latukuka mbali imodzi, chifukwa kumeneko ndi kuzuka kwa mizu. Aone ngati patsinde pamera bowa wouma wonga mbale, chizindikiro chakuti mizu kapena mtima ukuola. Agogode thunthu ndi chipanthi cha nkhwangwa: lolimba limalira mosiyana ndi la mphako. Ayang'ane pamphanda ngati pali mng'alu, makamaka pomwe nthambi ziwiri zazikulu zapanikizana. Kenaka aone nthambi zopanda masamba pomwe zinzake zili zobiriwira. Chiswe chikamanga njira zake pathunthu, kawirikawiri chimakhala chikulondola nkhuni yomwe idafa kale, choncho afufuze komwe chikupita.

Nthambi zouma zichotsedwe nthawi ina iliyonse, makamaka mphepo za dzinja zisanafike. Zaziwisi zili ndi nyengo yake. Mango amasadzidwa zipatso zikangotha, chifukwa wosadza maluwa ataphuka amataya zokolola za chaka chimenecho. Mapichesi amasadzidwa m'nyengo yozizira, mu Juni ndi Julayi, masamba atayoyoka. Pa chaka chimodzi munthu asachotse masamba opitirira gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo kwa mtengo wokalamba kwambiri achepetseko, pakuti masamba ndiwo khitchini yake.

Nthambi yolemera imadulidwa katatu, ndipo sowo amaposa chikwanje chifukwa amasiya bala losalala. Poyamba acheke chapansi pa nthambi, masentimita 30 kuchokera pathunthu, osafika pakati. Kachiwiri acheke chapamwamba, patsogolo pang'ono pa poyamba paja, mpaka nthambi igwe. Potero siyingang'ambe khungwa la thunthu pakugwa. Kachitatu achotse chitsa chotsalacho, koma asiye mkombero wotupa uja wa pomwe nthambi imalumikizana ndi thunthu, chifukwa ndi umene umakula n'kutseka bala. Oyilo wakutha wa galimoto asapakidwe pabalapo, ndipo mphako isatsekedwe ndi simenti. Zimenezi zimangosunga chinyontho mkati, kuola n'kumapitirira mobisika.

Pali chizolowezi china chodula mutu wonse wa mtengo n'kusiya thunthu lili njo ngati mzati. Ambiri amayesa kuti atero achotsa ngozi. Zoona zake n'zakuti mphukira zomwe zimatuluka pamenepo zimakula msanga koma zimangogwira pakhungwa, pomwe mabala aakulu aja akuola. Pakapita zaka zochepa nthambi zimenezo ndi zomwe zimathyoka mphepo ikaomba. Kufupikitsa mango kuti amezanitsidwe ndi mtundu wina ndi ntchito yosiyana, yofuna mlangizi wa zaulimi ndi kupatulira mphukira pambuyo pake.

Mtengo wokalamba umafunanso kudya. Masamba osesedwa pabwalo, m'malo mowatentha, ayalidwe pansi pa mthunzi pamodzi ndi manyowa owolerana, koma asakhudze thunthu. M'chilimwe madzi otsukira ndiwo ndi mbale, opanda sopo wambiri, athiridwe cha kumapeto kwa mthunzi komwe kuli mizu yomwa. Zitsamba zija zomera pamwamba pa nthambi, zofesedwa ndi mbalame, zimayamwa madzi a mtengo. Zidulidwe pamodzi ndi kanthambi komwe zamerapo. Mango ogwa okha atoledwe ndi kukwiriridwa mozama, chifukwa ntchentche yoboola zipatso, yomwe idapezeka koyamba m'dziko muno ku Cuamba m'chaka cha 2007, imaswana m'zipatso zoolera pansi.

Nthawi ina mtengo umafikadi poti uchoke. Ukayamba kupendekera kunyumba pomwe kale udali woongoka, mizu ikatukula dothi, kapena mphako ikadya thunthu mpaka kutsala chikhungwa chopyapyala, kudikira n'kuika ana pangozi. Bulugamu wamkulu woyandikana ndi nyumba ndi woopsa mwapadera, popeza amatha kugwetsa nthambi ngakhale kopanda mphepo. Ntchito yotere si ya mnyamata mmodzi wokwera ndi chikwanje kumanja. Ifuna zingwe, anthu odziwa, ndi ana atachotsedwa pabwalo. Nthambi zikakhala pafupi ndi mawaya a magetsi, aitanidwe a EDM. Nthambi yaiwisi imadutsa magetsi ndipo imapha.

Mtengo ukakhala wa m'malire, mwini wake asaugwetse yekha mwakachetechete. Aitane anansi ndi anyakwawa, aone onse pomwe udaima, ndipo pamalopo paikidwe chizindikiro. Safunsa adadya phula: milandu ya malo imabuka pomwe mboni yakale yachoka popanda wodziwa. Chimodzimodzi nthambi yolowa kwa mnansi, kukambirana kuyambe isanagwere denga lake.

Ndipo asadikire kuti wakale agwe ndiye adzale wina. Mmera wa mango kapena wa mapeyala udzalidwe mvula ikakhazikika mu Disembala, mapazi khumi kapena kuposerapo kuchokera pakhoma la nyumba, utchingidwe ndi minga kuopa mbuzi. Pomwe wakale adzafike potopa, mdzukulu adzakhala atapeza kale poyala mphasa.