Nyumba ya Mandala ichite malonda, koma mbiri yake imveke yonse

Mumzinda wa Blantyre muli nyumba yosanja imene inamangidwa mu 1882, ndipo imatchuka kuti ndi nyumba yakale kuposa zonse zimene zidakaimabe ku Malawi. Eni ake anali a kampani ya African Lakes, imene inayambira ku Glasgow mu 1878. Amene ankayendetsa kampaniyi kuno anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi, choncho anthu anamupatsa dzina loti Mandala. Dzinali linachoka pa munthu n'kupita pa nyumba, pa kampani ndi pa masitolo ake, mpaka dera lonse lozungulira nyumbayi likutchedwa Mandala. Masiku ano pansi pa nyumbayi amagulitsapo zojambula ndi zosemasema, palinso malo omwerapo khofi, pamene m'mwamba muli laibulale ya bungwe la Society of Malawi.

Ena amati kuchita malonda m'nyumba yotere n'kuichotsera ulemu. Enanso amati nyumba za atsamunda n'zongogwetsa kuti pamangidwe zatsopano. Ine sindigwirizana ndi mbali zonse ziwirizi.

Nyumba imene simulowa anthu imafa msanga. Lata likaboola pamodzi, palibe amaona. Madzi amalowa m'khoma, chiswe chimakwera mitengo ya denga, ndipo pakapita madzinja angapo khonde limagwa. Wogulitsa khofi salola kuti denga lidonthere makasitomala ake, amalikonza tsiku lomwelo. Ndalama ya lendi ndi imene imagula penti ndi kulipira mlonda. Tisaiwalenso kuti nyumbayi inabadwira m'malonda. Kugulitsiramo zinthu n'kupitiriza ntchito ya kampani imene inaimanga.

Kakonzedwe kake ndi kamene kamafuna mtima wofatsa. Makoma a nyumba zakale ambiri ndi a njerwa zofewa zomangidwa ndi dothi kapena laimu, ndipo amatulutsa chinyezi okha. Mmisiri wopupuluma akawamata simenti yolimba, chinyezi chimatsekeka m'kati ndipo njerwa zimayamba kufumbutuka. Kunja kumaoneka kosalala, m'kati khoma likudyeka. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amayamba ndi denga ndi ngalande, zokongoletsa zimabwera pambuyo.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nkhani imene nyumba zotere zimafotokoza zikatha kukonzedwa. Mayina a abale a Moir ali m'mabuku. Nanga amene anaumba njerwa zija? Nanga amtengatenga? Sitima za kampaniyi zikakwera mtsinje wa Shire zinkaima kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, chifukwa cha mathithi. Kuchokera pamenepo katundu yense ankakwera phiri pamitu ya anthu mpaka ku Blantyre, kenako n'kutsikira ku Matope kumene ulendo wa pamadzi unkayambiranso. Nsalu ndi mikanda zinkapita kumtunda, minyanga ya njovu inkatsikira kunyanja yamchere. Kampani yomweyi inalowanso m'nkhondo yolimbana ndi Mlozi ku Karonga kuyambira mu 1887. Chuma chimene chinadutsa pa Mandala chinayenda pa makosi a anthu amenewa. Mawu oti mtengatenga adakalipo, timawamva pa wailesi akamatchula unduna woona za misewu ndi maulendo, koma ndi ophunzira angati amadziwa kumene anachokera?

Nkhaniyi siithera ku Malawi kokha. Masitolo a Mandala analiponso ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ndi ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala. Katundu wambiri ankalowera pa doko la Chinde ku Mozambique. Mphunzitsi wa ku Zambia kapena wa m'chigwa cha Zambezi ali ndi gawo lake m'mbiri imeneyi, ndipo mwina m'tauni yake muli sitolo yakale imene ikudikira kukonzedwa kapena kugwetsedwa.

Tsono amene akukonza nyumba zotere ndikuwapempha zinthu zosafuna ndalama zambiri. Zikwangwani zofotokoza mbiri zilembedwe m'chinenero cha anthu a pamalopo, osati m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi mokha. Dzina lenileni la nyumba ya ku Blantyre ija linachokera m'kamwa mwa eni dziko, ndiye zingakhale zachilendo kuti zidzukulu zawo zisowe chowerenga m'chinenero chawo pa makoma a nyumba zotere. Pakhalenso chipinda kapena mbali ya khonde imene munthu angalowe osagula kanthu. Mtengo wa kapu ya khofi ukakhala ngati chiphaso cholowera, mwana wa sukulu wa ku Ndirande amangodutsa pamsewu, nyumbayo n'kukhala ya alendo ndi a magalimoto okha.

Ife aphunzitsi a zinenero tingathandizepo osadikira kuitanidwa. Tumani ophunzira kwa agogo awo akafunse za sitolo yakale ya kwanuko: mwini wake ankatchedwa dzina lanji, ankagulitsamo chiyani, ankayeza bwanji nsalu ndi mchere, ndani ankaloledwa kulowa m'kati ndipo ndani ankagulira pawindo. Zimene abweretsezo azilembe bwinobwino, mukonze nawo kalembedwe, kenako mukazipereke kwa mwini nyumbayo kapena ku khonsolo asanabweretse matumba a simenti.