Madzi akalowa m'nyumba: funani chanu chonse, osawonjezapo kanthu



Zaka zino mwezi wa Ramadan ukutipeza m'dzinja. Poti Ramadan imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, kwa zaka zingapo zikubwerazi tizidya daku mvula ikulira pamalata, ndipo popita ku tarawehe tizidumpha zithaphwi. Mu 2023 tinayamba kusala pasanathe milungu iwiri kuchokera pamene namondwe wa Freddy anagumula nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kummwera. Anthu oposa 600 anamwalira, ena oposa 500 sanapezeke. Ife a ku Mzuzu sitinganene kuti zimenezi ndi za kummwera kokha. Amene tinalipo mu Epulo 2016 tikukumbukira mvula ija inagwa masiku otsatizana, nyumba n'kumagwa ku Masasa, ku Chibavi ndi madera ena a mzinda uno, mabanja n'kukagona m'makalasi.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa cha funso limene bambo wina, kholo la mwana wa m'kalasi mwanga kuno ku Mzilawaingwe, anandifunsa tikutuluka mumzikiti. Nyumba yawo anaimaliza ndi ngongole, ndipo amene anawabwereketsa ndalama anaika lamulo lakuti nyumbayo ikhale pa inshuwalansi. Analipira zaka zingapo osawerengako n'komwe pepala la mgwirizano. Usiku wina ngalande inasefukira, madzi analowa mpaka m'mawondo, khoma la kukhitchini linagwa, matiresi ndi matumba a chimanga zinanyowa. Mafunso awo anali awiri. "A Mwalimu, kodi ndalama za inshuwalansi ndingazilandire? Ndipo mnzanga wina akuti pamndandanda ndilembepo firiji ndi kanema zimene ndinalibe, chifukwa kampani idzadulabe. Kodi pali vuto?"

Yankho langa kwa iwo ndi limene ndikufuna kuliteteza pano. Msilamu amene ali ndi mgwirizano wa inshuwalansi afune chake chonse, mwakhama ndiponso ndi umboni, koma asawonjezepo ngakhale supuni imodzi. Kusiya chako chifukwa cha ulesi kapena manyazi si kuopa Allah, ndipo kutenga chosakhala chako si kuchenjera.

Tiyambe ndi funso loyamba, chifukwa si lachibwana. Maulama ambiri amaikayikira inshuwalansi ya malonda pa zifukwa zitatu. Muli gharar, kutanthauza kugula chinthu chosadziwika bwino, poti ukhoza kulipira zaka 20 osalandira kanthu, kapena kulipira miyezi iwiri n'kulandira mamiliyoni. Muli zofanana ndi juga. Ndiponso makampani amasungitsa ndalamazo m'njira zokhala ndi riba. Mu 1985 bungwe la maulama la Islamic Fiqh Academy, litakumana ku Jeddah, linagamula kuti inshuwalansi ya malonda ndi yosaloledwa, koma ya mgwirizano wothandizana ndi yololedwa. Analiponso maulama odziwika, monga Sheikh Mustafa al-Zarqa wa ku Syria, amene anailoleza. Pa munthu amene anakakamizidwa ndi lamulo kapena ndi mgwirizano wina, kapena amene analowa kale, ambiri amavomereza kuti atenge kufikira pa ndalama zimene analipira, ndipo pa zotsalazo ndi pamene amasiyana maganizo. Ine sindine mufti. Bambo aja ndinawatumiza kwa sheikh ndi pepala lawo m'manja, ndipo inunso muchite chimodzimodzi. Koma pa funso lachiwiri palibe kusiyana kulikonse: palibe mwalimu amene angakulolezeni kulemba firiji imene munalibe.

Ena amati kutsatira mapepala ngati amenewa ndi kuchepa kwa tawakkul. Ana anga a ku madrasa amaidziwa nkhani ya Mneneri Yusuf (A.S), amene anasunga chakudya cha zaka za dzinthu podziwa kuti kukubwera zaka za njala. Kukonzekera ndi kuyedzamira kwa Allah zimayendera limodzi. Ndiye tiyeni tione kukonzekerako.

Choyamba, dziwani chimene munaika pa inshuwalansi. Ya nyumba yeniyeniyo, makoma, denga ndi zitseko, ndi yosiyana ndi ya katundu wa m'nyumba. Amene anakubwereketsani ndalama amasamala za nyumba, osati za matiresi anu. Bambo aja anazindikira izi madzi atalowa kale: khoma linali pa mgwirizano, chimanga ndi mipando ayi. Inu amene mumachita lendi, inshuwalansi ya eni nyumba sikhudza katundu wanu. Komanso mgwirizano wa moto wokha sutanthauza kuti madzi osefukira alimo. Fufuzani mawu onena za madzi ndi mphepo yamkuntho, ndipo ngati Chingerezi chake chikuvuta, mupatseni mwana wa Fomu 4 awerenge, kapena funsani amene anakugulitsani kuti akulozereni ndi chala. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, onani zimene kampani inakaniratu. Kawirikawiri salipira chinthu chimene chinawonongeka pang'onopang'ono chifukwa chosasamalidwa, monga khoma limene lakhala ndi mng'alu zaka zitatu, kapena limene linamangidwa molakwika. Mpanda nthawi zambiri umakhala ndi malamulo akeake. Kugumuka kwa nthaka, kumene kumavuta nyumba za m'mapiri ngati za ku Masasa, sikuti kumakhalamo nthawi zonse. Ndipo ngati polembetsa munanena kuti nyumba ndi ya njerwa zowotcha ndi simenti pamene ndi ya zidina zomatidwa pulasitala, bodza limenelo lidzakudikirani tsiku la tsoka. Chilungamo chimayambira pa fomu yoyamba.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ambiri amalira, onani mtengo umene munalembetsa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti, malata ndi matabwa zinakwera, koma nambala ya papepala lanu inakhala pomwepo. Makampani ali ndi lamulo lakuti ngati munalembetsa mtengo wochepa, nawonso amalipira mochepa pamlingo womwewo. Tiyerekeze kuti kumanganso nyumba yanu lero kungadye K60 miliyoni, koma papepala palembedwa K30 miliyoni. Mwalembetsa theka. Madzi akawononga za K10 miliyoni, mudzalandira K5 miliyoni, ndipo pamenepo adzachotsaponso gawo loyamba limene mwini amadzilipirira yekha, lotchedwa excess. Wosadziwa amati wamubera, pomwe zinalembedwa. Chaka chilichonse, musanalipire, funsani mmisiri kuti kumanganso nyumba ngati yanuyo kungadye zingati.

Tsopano madzi alowa. Moyo ndiye woyamba: tulutsani ana ndi okalamba, zimitsani magetsi, musayandikire khoma lonyowa. Kukacha, musanagwire tsache, gwirani foni. Jambulani chipinda chilichonse, mzere umene madzi asiya pakhoma, katundu aliyense pamene wagwera. Ife timafulumira kukolopa ndi kutaya chifukwa cha manyazi ndi alendo, ndipo potero timasesera kunja umboni wathu womwe. Bambo aja anali atataya kale zina ndipo njerwa za khoma logwa anali atayamba kuzisanja. Chimene chinawathandiza ndi kanema wa pafoni amene mwana wawo anajambula m'mawa umenewo kuti atumize kwa azakhali ake pa WhatsApp.

Dziwitsani kampani tsiku lomwelo kapena lotsatira, chifukwa mgwirizano umaika malire a masiku. Mukaimba foni, tsatizani ndi kalata kapena uthenga wolembedwa, ndipo sungani nambala ya dandaulo lanu. Chitani zoteteza kuti zinthu zisapitirire kuwonongeka, monga kufunda denga ndi pepala la pulasitiki kapena kukweza katundu pamwamba, n'kusunga malisiti ake, koma musayambe kumanga wodzayeza zowonongeka asanafike. Kauzeninso a buloko lida ndi akhansala kuti dzina lanu lilowe m'kaundula amene amapita ku khonsolo ya mzinda ndi ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Kaundula ameneyo si wa inshuwalansi, koma ndi mboni yakuti madzi anafikadi pakhomo panu tsiku limenelo. Wodzayeza akabwera, yendani naye, musonyezeni zonse, ndipo musasainire pepala lonena kuti mwakhutira musanaliwerenge. Ngati nyumba ili pa ngongole, funsiranitu ngati ndalamazo zidzafikire kwa inu kapena kwa okubwereketsaniwo.

Tibwerere ku firiji ija. Mnzawo wa bambo aja anali ndi mfundo imene ambiri timaikhulupirira: kampani ndi yolemera, imadula, ndiye ndiwonjeze kuti ikadula ndifike pa changa chenicheni. Ndikuimva mfundoyi, ndipo sindikunena kuti makampani onse amachita chilungamo nthawi zonse. Koma taganizani. Ndalama zimene kampani imalipira zimachokera kwa anthu ena olipira ngati inu, ndipo bodza likachuluka mtengo umakwerera onse. Mgwirizano umanenanso kuti dandaulo likapezeka ndi chinyengo, lonse limagwa, ndi khoma lenileni lija lomwe, mwinanso nkhani n'kukafika kupolisi. Cholinga cha inshuwalansi ndi kukubwezerani pamene munali, osati kukupindulitsani. Kuposa zonsezi, ganizani za munthu amene tsiku lonse wadziletsa madzi a halali, n'kukhala pansi masana a Ramadan kulemba katundu wabodza, kenako ndalama imeneyo n'kugulira futari ya ana ake. Swaumu imatiphunzitsa kusiya chinthu pamene palibe munthu akutiona. Fomu ya inshuwalansi ndi malo amodzi oterowo.

Kukana bodza sikutanthauza kugonja. Kampani ikakana kulipira kapena ikadula, pemphani chifukwa chake cholembedwa, ndi ndime ya mgwirizano imene akuimira. Pezani mitengo yolembedwa kwa amisiri awiri ndi kumashopu a zipangizo, muyerekeze ndi yawo. Lembani kalata yodandaula kwa akuluakulu a kampaniyo. Zikakanika, makampani a inshuwalansi ali ndi wowayang'anira: Bwanamkubwa wa Reserve Bank of Malawi ndiye Registrar of Financial Institutions, ofesi yake imalandira madandaulo a anthu, ndipo bankiyi ili ndi nthambi konkuno ku Mzuzu. Munthu amene mndandanda wake ndi woona amayenda njira yonseyi mutu uli m'mwamba. Amene anawonjezapo firiji amaopa ngakhale funso loyamba. Bambo aja analemba zoona zokhazokha, anadikira miyezi ingapo, ndipo analandira zochepera zimene ankayembekeza chifukwa cha mtengo wakale uja. Khoma linaimanso, Alhamdulillah, ndipo chaka chotsatira anakonzetsa nambalayo.

Ndikudziwa kuti ambiri amene mukuwerenga mukuti: a Mwalimu, ife inshuwalansi tilibe. N'zoona. Nyumba zambiri za ku Mzilawaingwe, Chiputula ndi Mchengautuba sizinalowepo m'buku la kampani iliyonse. Pamenepa ndi pamene chigamulo cha 1985 chija chimatipatsa ntchito, chifukwa sichinangoletsa, chinalozanso njira. Njirayo ndi takaful: anthu amasonkha ndalama ngati mphatso ku thumba limodzi, kuti wogweredwa tsoka athandizidwe. Kampani yoyamba yotere inayamba ku Sudan mu 1979, Malaysia inakhazikitsa lamulo lake mu 1984, ndipo ku Kenya kuli Takaful Insurance of Africa. Ife sitiyenera kudikira kampani kuti tiyambe pang'ono. Timasonkha kale pamaliro ndi paukwati. Chikutiletsa n'chiyani kusonkhera khoma?

Pempho langa ku makomiti a mizikiti yathu ndi ili: Ramadan ino, pamene manja ndi ofewa, tsegulani thumba la ngozi za mvula. Banja lililonse liponye kangachepe mwezi ndi mwezi. Thumbalo lisakhale lobwereketsa ndi chiwongoladzanja. Lilembedwe m'buku, osainira akhale atatu, ndipo liwerengedwe poyera pambuyo pa Jumu'ah. Malamulo alembedwe kukadali kouma: ndani ayambe kuthandizidwa, mpaka ndalama zingati, ndani akaone zowonongeka. Amasiye, okalamba ndi ochita lendi asaiwalike. Lisasakanizidwe ndi Zakaat, imene ili ndi magulu ake 8 oyenera kulandira, ngakhale kuti amene madzi amusaukitsa kapena kumulowetsa m'ngongole akhoza kulowa m'magulu amenewo. Ndipo sadaka yathu idutsenso mpanda kufika kwa mnansi wa mpingo wina, poti ngalande ikasefukira sifunsa kumene munthu amapemphera. Mutu umodzi susenza denga. Koma dziwani kuti thumba limeneli lidzafuna zomwe zija kampani imafuna: zithunzi, mboni ndi mndandanda woona. M'bale mmodzi akadzalembapo firiji yabodza, ena adzaleka kusonkha.

Inu ophunzira, nayi ntchito ya kunyumba ya sabata ino. Jambulani chipinda chilichonse cha kwanu kukadali kouma, jambulaninso malisiti, mapepala a malo ndi mgwirizano wa inshuwalansi ngati ulipo, n'kutumiza zithunzizo kwa m'bale wodalirika wokhala kutali. Mapepala enieniwo muwaike mujumbo, pamwamba. Mukatero mutenge khasu mukatsegule ngalande ya kuseri kwa nyumba, Asr isanakwane.

Allah atiteteze ku madzi owononga, atipatse mvula ya madalitso, awachitire chifundo amene anatisiya pa ngozi za madzi, ndipo atilandire swaumu yathu. Ameen.