ZA MASEWERA: Mlendo Pakati pa Ocemerera Mpira a ku Korea

Munthu amene akhala m'dziko la eni amadziwa mtima wa eni akewo pa tsiku la maliro ndi pa tsiku la cisangalalo. Alendo amene anali kugwira nchito kapena kuphunzira ku South Korea m'mwezi wa Juni 2002 anaona zimenezi ndi maso ao, pamene dzikolo pamodzi ndi Japan linalandira mpikisano wa Cikho ca Dziko Lonse.

Anthu a ku Korea anali ndi njala ya cipambano. Timu yao inayamba kulowa mpikisanowu mu 1954, koma kufikira 2002 inali isanapambanepo masewera ngakhale amodzi. Tsono pa 4 Juni, pansi pa mphunzitsi Guus Hiddink wa ku Netherlands, inagonjetsa Poland ndi zigoli 2 kwa 0 mumzinda wa Busan. Kuyambira tsiku limenelo mlendo sakanatha kukhala phee m'nyumba, pakuti mtundu wonse unali pabwalo.

Ocemerera timu ya dzikolo achedwa Ziwanda Zofiira, dzina limene okonda Nkana ya ku Kitwe alidziwa bwino. Iwo anabvala malaya ofiira, nasonkhana m'miseu ya Seoul pa Gwanghwamun ndi patsogolo pa nyumba ya khonsolo ya mzinda, kumene kunaikidwa makanema akulu-akulu. Ng'oma zikalira, khamu lonse linali kufuula dzina la dziko lao, Daehan Minguk, ndi kuomba m'manja kasanu. Mlendo wosadziwa cinenero cao anali kuphunzira mfuu imeneyi tsiku lomwelo.

Pa 18 Juni ku Daejeon anakumana ndi Italy. Ocemerera anakweza zikwangwani zokumbutsa caka ca 1966, pamene North Korea inagonjetsa Italy ku England. Italy inayamba kucinya, koma Seol Ki-hyeon anabweza kutatsala mphindi ziwiri, ndipo Ahn Jung-hwan anatsiriza nkhani ndi mutu m'nthawi yoonjezera. Anthu a ku Italy anadandaula kwambiri ndi woimbira mpira, Byron Moreno, amene anatulutsa Francesco Totti. A Spain naonso anadandaula atagonja pa mapenote ku Gwangju pa 22 Juni, cifukwa zigoli zao ziwiri zinakanidwa. Madandaulo amenewa akali kukambidwa mpaka lero.

Mzinda wa Gwangju si wacilendo kwa a Zambia. Ndi komweko kumene timu ya Zambia inathira Italy zigoli 4 kwa 0 pa masewera a Olympics mu Seputembala 1988, Kalusha Bwalya nacinya zitatu.

Anthu a ku Korea okhala kunja nao sanatsalire. Ku Los Angeles, m'dera lochedwa Koreatown, anali kudzuka tambala asanalire kuti akaonere mpira pamodzi, popeza kwao kukakhala madzulo kumeneko kumakhala kusanace. Kwa munthu wokhala kutali ndi kwao, mfuu ya dzina la dziko lace imamkumbutsa amai ace, mudzi wace ndi cinenero cace.

Koma cimene cinadabwitsa alendo koposa zigoli ndi khalidwe. Anthu mamiliyoni anadzaza miseu, koma masewera akatha ambiri anali kutola zinyalala asanapite kunyumba. Amai ndi ana anali kukhala pakati pa khamulo mopanda mantha. Pa 25 Juni Germany inawagonjetsa ndi cigoli cimodzi ca Michael Ballack, ndipo ocemerera anaombera m'manja anyamata ao m'malo mowatukwana. Anadziwa kuti mako ndi mako angacepe mwendo.

Pa 29 Juni ku Daegu analimbirana malo acitatu ndi Turkey. Hakan Şükür anacinya pasanathe masekondi 11, ndipo Korea inagonja 3 kwa 2. Tsiku limenelo ocemerera a ku Korea anatambasula mbendera yaikulu ya Turkey m'bwalo, pokumbukira asilikali a dzikolo amene anawathandiza pa nkhondo ya 1950 mpaka 1953. Mpira utatha, osewera a matimu onse awiri anagwirana manja nalonjera anthu pamodzi.

Nkhani imeneyi ikhudza mabwalo a m'midzi ndi a m'masukulu. Kawiri-kawiri mpira wa pakati pa midzi iwiri umatha ndi miyala, woimbira mpira nathamangitsidwa, ndipo timu ya alendo ibwerera kwao ndi mabala. Pamenepo makolo amaletsa ana ao kupita kubwalo, ndipo luso la anyamata ndi atsikana limafera m'nyumba. Mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a makalabu ayenera kuonetsetsa kuti alendo alandiridwa bwino, ndi kuti timu ikagonja ocemerera abwerera kwao mwamtendere. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, koma mbiri imene anyamula popita kwao imakhala zaka zambiri.