Adachita bwino kutseka gombe la Maya

Munthu wa golosale yoyenda malonda satseka chitseko pa tsiku la msika. Koma izi n'zimene boma la Thailand lidachita pa 1 Juni 2018, pomwe lidatseka Maya Bay, gombe lotchuka kwambiri m'chigawo cha Krabi. Poyamba lidati latseka kwa miyezi inayi yokha, koma miyezi inayiyo idasanduka zaka zitatu ndi theka, ndipo alendo adapondanso pamchengapo pa 1 Januwale 2022. Ife tikuti akuluakuluwo adachita bwino, ngakhale chigamulo chawo chidaliza mabanja ambiri.

Krabi ili kummwera kwa Thailand, m'mbali mwa nyanja yamchere ya Andaman. Ndi dera lotentha, la migwalangwa ndi mitengo ya labala, koma chimene chidalitchukitsa ndi matanthwe aataliatali ongoti njo m'madzi, ndi zilumba zambirimbiri za mchenga woyera. Maya Bay ili pa chimodzi mwa zilumbazi, Phi Phi Leh, pomwe sipakhala anthu. Ndi kagombe kochepa, kotalika mamita pafupifupi 250, kozingidwa ndi matanthwe mbali zitatu.

Mavuto ake adabwera ndi filimu. M'chaka cha 2000 kudatuluka The Beach, momwe mudasewera Leonardo DiCaprio, ndipo idajambulidwa pagombeli. Ojambulawo adasalaza milu ya mchenga ndi kubzala mitengo ya kokonati kuti malowo aoneke momwe iwo amafunira, zomwe zidabala mlandu womwe udatha zaka zoposa 20 m'makhoti. Mu 2022 khoti lalikulu la dzikolo lidalamula nthambi ya zankhalango kuti ikonze malowo. Komabe chimene chidaononga kwambiri ndi chikhamu cha alendo chomwe chidatsatira filimuyo. Pofika 2018, tsiku limodzi pamafika anthu mpaka 5,000 pa maboti pafupifupi 200. Tangoganizani anthu odzaza bwalo la mpira ataunjikana pa kamchenga koti mwana akhoza kukathamanga m'mphindi imodzi.

Pansi pa madzi amenewa pamakhala makorali, tizamoyo tomwe timamanga zinthu zolimba ngati miyala, momwe nsomba zimabisala ndi kuswana. Makorali amakula pang'onopang'ono kwambiri, ena masentimita ochepa chabe pachaka. Nangula wa boti akagwera pamenepo amaphwanya ntchito ya zaka makumi angapo. Injini zimavundula mchenga, osambira amaponda, mafuta odzola oteteza khungu kudzuwa amasungunukira m'madzi. Gawo lalikulu la makorali a ku Maya lidafa, nsomba n'kuthawa. Akulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Gombe litatsekedwa, akatswiri a zam'nyanja adayamba kubzalanso makorali. Pasadathe miyezi yambiri, m'madzi osaya mudayamba kuoneka shaki za zipsepse zakuda kunsonga, zomwe zidabwerera kudzaberekera pomwe kale pamaima maboti. Tisanamizane, mliri wa Covid-19 udathandizako, chifukwa mu 2020 ndi 2021 alendo adalibeko ndi kale. Koma chitseko chidatsekedwa mliri usadabwere, pa nthawi yomwe malonda adali pachimake. Mu 2019 dziko la Thailand lidalandira alendo akunja pafupifupi 40 miliyoni, ndipo ambiri mwa opita kummwera amafuna kujambulitsa pa Maya. Boma lidakana ndalama zomwe zidali kale pakhomo.

Tisaiwale amene adalipira mtengo wake. Mwini boti lamatabwa, la injini ya mchira wautali, amene ana ake amadya chifukwa chonyamula alendo, sadafunsidwe zambiri. Eni makampani onyamula alendo adadandaula poyera, ndipo dandaulo lawo silidali lopanda pake. Mkulu wa ku ofesi amalandira malipiro ake kaya gombe n'lotseka kaya n'lotsegula, pomwe woyendetsa boti amadya za tsiku lomwelo.

Chidapulumutsa Krabi n'chakuti chigawochi chili ndi zambiri zoonetsa. Ku Railay, komwe kulibe msewu chifukwa matanthwe adatchinga ndipo munthu amafikako pa boti basi, anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana amapita kukakwera matanthwe ndi zingwe. Pafupi ndi tauni ya Krabi pali kachisi wa Abuda wa Wat Tham Suea, pomwe ofuna kuona chigawo chonse ali pamwamba amakwera masitepe oposa 1,200, anyani akuwalanda zakudya m'njira. Ku Ao Thalane alendo amapalasa timabwato pakati pa mitengo yomera m'madzi amchere, ndipo cha kumtunda, m'boma la Khlong Thom, kuli dziwe la madzi obiriwira la Sa Morakot ndi akasupe a madzi otentha. Mlendo amene wakhumudwa ndi gombe limodzi amapezabe kopita, ndipo ndalama yake imafikanso kwa amayi ogulitsa zakudya kutali ndi nyanja.

Kupumitsa madzi si nzeru yachilendo kwathu kuno. Asodzi a pachilumba cha Mbenji ku Salima amasamuka chaka chilichonse m'nyengo ya dzinja molamulidwa ndi a Mfumu Makanjira, ndipo amabwerera cha mu Epulo nsomba zitaswana. Iwonso amadandaula miyezi yotseka, koma amabwererako chifukwa amapeza nsomba. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Mbenji lamulo lidachokera kwa eni dera, pomwe ku Maya lidachokera ku likulu zinthu zitafika kale poipa. Ngati pali pomwe tingadzudzule akuluakulu a ku Thailand, ndi pakuchedwa kumeneku. Zaka 18 zidadutsa kuchokera pomwe filimu idatuluka, maboti akuchuluka aliyense akuona.

Potsegulanso gombelo adaika malamulo okhwima. Maboti saloledwa kulowa kutsogolo kwa mchenga. Amakocheza kuseri kwa chilumba, ku Loh Samah, ndipo alendo amayenda wapansi pa kanjira komangidwa. Kusambira n'koletsedwa, munthu amangoviika miyendo. Chiwerengero cha olowa pa nthawi imodzi chili ndi malire, ndipo m'zaka zotsatira gombeli lakhala likutsekedwanso mu Ogasiti ndi Sepitembala, m'nyengo ya mvula. Kuyambira 2021, mafuta oteteza kudzuwa okhala ndi mankhwala opha makorali adaletsedwa m'malo onse otetezedwa a m'nyanja, ndipo chindapusa chake chimafika mabaht 100,000.

Nkhawa yathu ili pa malire a chiwerengerowo. Ngakhale ndi malamulo atsopanowa, anthu masauzande amatha kulowabe tsiku limodzi, ndipo amene aletsedwa kusambira ku Maya amakasambira pafupi pomwepo, ku Pileh, komwe maboti amathithikana. Alonda a pamalopo amatolera ndalama ya pakhomo kwa mlendo aliyense, choncho amene ali ndi udindo wobweza anthu ndi yemweyonso amapindula anthu akachuluka. Boma la Thailand liyenera kumalengeza poyera chiwerengero cha olowa mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi chiwerengero cha shaki zomwe akatswiri akuziona m'madzimo.